Mmbulu wa pa Kanema, Fisi wa pa Khola

Munthu akachoka mumzinda wa Lilongwe kutsata mseu wa ku Mchinji, atayenda makilomita ngati 16 amafika pa Chitedze, malo amene Boma lidakhazikitsa m'chaka cha 1948 kuti akatswiri azifufuzirapo za ulimi. Pamalopa nkhani zake n'za mbeu: mtedza uti ungapirire matenda, chimanga chiti chingache msanga, fetereza wochuluka bwanji angakwane pa ekala. Chilichonse chimayesedwa pa sikelo ndi kulembedwa m'buku. Koma dzuŵa likaloŵa, m'midzi ya dera lonselo, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, mumamveka nkhani ina imene sikelo singaiyese. Nkhaniyo imati fisi adavuta pa khola la mbuzi masiku ambiri, mwini khola adamlalira usiku namlasa ndi mkondo pa mwendo, fisi nathaŵa akutsimphina. Kutacha kudamveka kuti mkulu wina wa m'mudzi momwemo sadadzuke, ali gone m'nyumba ndi bala pa mwendo womwewo. Wokamba nkhaniyi satchula dzina kaŵirikaŵiri, ndipo nthaŵi zonse zimakhala kuti zidachitika kumudzi kwa anzake kapena m'masiku a agogo ake.

Nkhani imeneyi si ya Acheŵa okha. Petronius, mlembi wachiroma amene adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, adalemba za msilikali amene adavula zovala zake kumanda usiku, nasanduka chilombo, nakaloŵerera nkhosa za eni ake, nalasidwa pakhosi. M'maŵa mnzake adampeza ali pakama, sing'anga akumumanga bala pakhosi pomwepo. Chilombo cha m'nkhani ya ku Ulaya ndi nyama yonga galu wamkulu wa m'thengo, imene kuno kulibe. Omasulira Baibulo adaibwerekera dzina la mmbulu, ngakhale mmbulu weniweni wa kuno ndi nyama ina, ya maŵanga. Munthu wosanduka mmbulu wa ku Ulayayo Angerezi amamutcha werewolf, ndipo kuyambira m'chaka cha 1961 akhala akumujambula m'mafilimu oopsa, ambiri mwa iwo opangidwa ndi ndalama zochepa zedi. Anthu ophunzira a m'nyuzi ankaŵanyoza mafilimu ameneŵa, koma oonera wamba adaŵakonda, ndipo mpaka lero alipo amene amaŵaonera mobwerezabwereza. Chodabwitsa n'chakuti dziko la Mangalande lakhala lopanda mmbulu ndi umodzi womwe m'thengo kwa zaka 500.

Adaitha mimbuluyo ndi eni nkhosa. Ubweya wa nkhosa ndiwo unali chuma cha Mangalande, monga momwe fodya adakhalira chuma cha chigawo cha Lilongwe, ndipo nyama yodya nkhosa inali mdani wa mfumu imene. M'chaka cha 1281 Mfumu Edward I idalamula mlenje wina, Peter Corbet, kuti aphe mimbulu yonse m'maboma a kumadzulo kwa dzikolo. Pofika cha m'ma 1500 nyamayi inali itatha ku Mangalande. Ku Scotland idakhalitsako m'mapiri mpaka cha m'ma 1680, ndipo ku Ireland womaliza akuti adaphedwa mu 1786.

Kutsidya kwa nyanja, ku France ndi ku Jeremani, mimbulu inali ikadalipo, ndipo kumeneko nkhani ya munthu wosanduka chilombo sinali nthano yocheza pamoto ai. Inali mlandu wa kubwalo. Pa 31 October 1589, m'tauni ya Bedburg pafupi ndi Cologne, mlimi wina dzina lake Peter Stumpp adaphedwa pamaso pa khamu la anthu. Atamzunza adavomera kuti Satana adampatsa lamba amene akamanga m'chiuno ankasanduka mmbulu, ndipo kuti adapha ana ndi akazi ambiri. Lambayo sadapezeke. Mwana wake wamkazi adaphedwa tsiku lomwelo, pamodzi ndi mkazi amene ankakhala naye. Chaka chotsatira, ku London kudasindikizidwa kabuku kofotokoza mlanduwo, ndipo Angerezi adakaŵerenga monga momwe munthu amaŵerengera za ngozi ya kudziko lakutali, mantha ali nawo koma tulo nagona. Mfumu James, yomwe ija dzina lake lili pa Baibulo lachingerezi la 1611, inkakhulupirira ufiti kwambiri, komabe m'buku limene idalemba mu 1597 idati munthu wodziyesa mmbulu ndi wodwala maganizo chabe. Motero ku Britain mantha adatsala opanda nyama yake ndiponso opanda bwalo lake. Chinthu chotere sichivuta kuchisandutsa malonda.

Oyamba kupindula nacho pa kanema anali Amereka. Filimu ya The Wolf Man ya mu 1941, imene nkhani yake adaiika ku Wales, adailemba ndi Curt Siodmak, Myuda wothaŵa ku Jeremani. Mafilimu a nthaŵi imeneyo ndiwo adakhazikitsa m'mitu ya anthu malamulo amene ambiri amaŵayesa akalekale: kuti wolumidwa ndi chilombocho nayenso amasanduka, kuti mwezi ukaoneka wathunthu ndiyo nthaŵi yake, kuti siliva yekha ndiye angachiphe.

Ku Mangalande ntchitoyi idagwera kampani yaing'ono yotchedwa Hammer. Kampaniyi inalibe nyumba zazikulu zojambuliramo zonga za ku Hollywood. Inkagwirira ntchito ku Bray, m'nyumba yakale ya munthu wachuma m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, kumene chipinda chimodzi chomwecho lero chinali ndende, maŵa tchalitchi, mkuja chipinda chogona. M'chaka cha 1960 adamanga kumeneko makoma ndi mabwalo onga mudzi wa ku Spain, pokonzekera filimu ina imene pambuyo pake idalephereka. Kugwetsa makomawo osajambulapo kanthu kukadakhala kutaya ndalama. Tsono Anthony Hinds, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, adatenga buku la Guy Endore la mu 1933, limene nkhani yake ichitikira ku Paris, naisamutsira ku Spain kuti igwirizane ndi makoma amene analipo kale. Umu ndimo idabadwira The Curse of the Werewolf, imene Terence Fisher adatsogolera kajambulidwe kake, natuluka mu 1961. Mmisiri wosoka amatero ndithu: malaya amaŵadula molingana ndi nsalu imene wapatsidwa.

Nkhani yake njachisoni kuposa kuopsa. Mtsikana wosalankhula, wantchito m'ndende, agwiriridwa ndi mkaidi, nabala mwana tsiku la Khirisimasi, namwalira. Mwanayo, Leon, aleredwa ndi munthu wachifundo, Don Alfredo. Akukula, mbuzi za m'mudzimo ziyamba kufa usiku, ndipo anthu aloza chala galu wa mbusa, naphedwa galuyo wosalakwa. Atakula, Leon akonda mtsikana, ndipo pamene mtsikanayo ali pafupi tsoka lake limagona. Koma atatsekeredwa m'ndende kutali ndi iye, Leon apempha yekha kuti amuphe mwezi usanatuluke, ndipo palibe amene amumvera. Pomaliza amuombera ndi chipolopolo cha siliva pa nsanja ya tchalitchi, ndipo wogwira mfuti ndi bambo yemwe adamlera uja. Oliver Reed, amene adachita mbali ya Leon ali mnyamata wa zaka 22, saoneka mpaka filimu itafika pakati, ndipo nkhope ya chilombo imene Roy Ashton adaikonza ndi ubweya womata imaonetsedwa bwinobwino m'mphindi zomaliza zokha. Oyendera mafilimu a ku Britain adadulamonso zigawo zina, zimene zidabwezeretsedwa patapita zaka zoposa 30. Kampani ya Hammer sidapangenso ina ya mtundu umenewu.

Apa ndipo pagona chinsinsi choyamba cha mafilimu ameneŵa. Wopanga wake alibe ndalama zoonetsera chilombo nthaŵi yaitali, ndipo akadziŵa kuti ubweya womata suchedwa kuulula msoko wake pa kuŵala, amachibisa mumdima. Aonetsa phazi pamatope, mbuzi yakufa, mthunzi pakhoma, maso a munthu amene waona chinthu chimene oonera sadachione. Mu Legend of the Werewolf ya mu 1975, Freddie Francis adaika galasi lofiira pa kamera, kuti oonera aziona ndi maso a chilombo m'malo moona chilombocho. Mtengo wake unali wa galasi limodzi. Opanga maseŵero a pa wailesi amaidziŵa bwino nzeru imeneyi, pakuti iwo alibe ngakhale chithunzi chimodzi: chitseko cholira pang'onopang'ono, galu wouwa patali amene asiya mwadzidzidzi, mpweya wa munthu wobisala, zimenezi zimakwana, ndipo womvera amadzimangira yekha chilombo choposa chimene mmisiri aliyense angasoke. Agogo okamba nthano pamoto nawonso ntchito yawo njomweyo. Nthano sikambidwa masana, ndipo chifukwa chake si chakuti masana anthu ali kumunda chokha ai.

Anthu a kwa Kalolo ndi kwa Kabudula, kwawo kwa Gule Wamkulu, safunika kuŵaphunzitsa zimenezi. Za kudambwe saulula, ndipo gule si kanema, pakuti gule ndi mwambo wa maliro ndi chinamwali, wolumikiza amoyo ndi makolo awo, umene bungwe la UNESCO lidaulemekeza mu 2005. Komabe aliyense amene adaloŵapo m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ku Mua adaona ndi maso ake kuti zilombo zazikulu zimaoneka ndi makoko a chimanga, udzu, luzi ndi ziguduli, zinthu zotola pamunda ndi pankhokwe. Zikatuluka usiku, ng'oma zikulira, fumbi litakwera, mwezi ukuŵala pang'ono, palibe amene amafunsa za mtengo wa makoko. Mwana amathaŵa, ndipo wamkulu yemwe, wodziŵa zonse, tsitsi limamuimirira. Munthu woleredwa pa bwalo lotere sangaseke filimu chifukwa chakuti chilombo chake n'chosoka pamanja. Amadziŵa kuti mphamvu yake ili pa nthaŵi yotulukira ndi pa kayendedwe.

Nthaŵi zina kusoŵa ndalama kunkapitirira muyeso, ndipo filimu imene ionetsa zimenezi poyera ndi The Beast Must Die, yopangidwa ndi kampani ya Amicus mu 1974. Mmbulu wa m'filimuyi ndi galu, galu weniweni wa mtundu uja apolisi amaŵeta, atamuveka ubweya woonjezera. Woonera watcheru amaona kuti nyamayo ikungofuna kuseŵera. Komatu filimuyi sidaiŵalike, ndipo anthu a kuno ali ndi chifukwa chapadera choimvetsera. Munthu wachuma, mbali imene adaichita Calvin Lockhart, munthu wakuda wa ku Bahamas, aitana alendo kunyumba kwake kumudzi, kumene watchera makamera ndi makina omvera m'mitengo monse. Atakhala pa chakudya aŵauza kuti mmodzi mwa iwo ndi wosanduka mmbulu, ndipo palibe amene achoke mpaka atadziŵika. Ayamba kuŵayesa. Poyamba aŵagwiritsa choikapo makandulo cha siliva, mmodzimmodzi. Pambuyo pake alamula kuti aliyense aike chipolopolo cha siliva m'kamwa. Filimu itatsala pang'ono kutha, zithunzi zimaima, pa nsalu paoneka wotchi, ndipo mau auza oonera kuti ali ndi masekondi 30 oti atchule amene akumganizira. Paul Annett, amene adatsogolera kajambulidwe, sadakondwe nacho chigawo chimenechi, chidaikidwamo ndi eni kampani. Koma ndicho chimene oonera amachikumbukira koposa.

Mkulu aliyense wa ku Nsaru ataona alendo aja atandandalikidwa, aliyense akulandira chake m'kamwa anzake akumuyang'ana, angatchule dzina lake mosachedwa: umenewo ndi mwabvi. Kale mudzi ukagwa m'maliro otsatizana, anthu ankamwa khungwa la mtengo wa mwabvi losinja, wosanza nayesedwa wosalakwa, wakufa nayesedwa mfiti. Boma la Nyasaland lidaletsa mwambowu ndi lamulo la mu 1911. M'filimuyi chiyeso chija chigwira munthu amene mwini nyumba sankamganizira konse, mkazi wake yemwe, amene adatenga tsokalo mosadziŵa kudzera pa bala la m'dzanja. Mwamunayo amuombera yekha, pamene mwini tsoka weniweni ali mlendo wina. Potsiriza nayenso wosaka uja alumidwa, naloŵa m'nyumba ndi mfuti yake ndi chipolopolo chimodzi. Filimu ya galu wovala ubweya idanena zoona zimene mabuku aakulu amazizungulira, kuti wosaka mfiti amayambira kutali koma amathera m'nyumba mwake.

Chimenechi ndicho chinsinsi chachiŵiri, ndipo n'chachikulu kuposa cha mdima. Mkango wa m'thengo ngwoopsa, koma munthu amadziŵa chochita nawo: amanga mpanda, akoleza moto, aitana alenje. Chilombo chimene masana chimapereka moni, kubwereka khasu ndi kudya nawo nsima, mpanda ulibe nacho ntchito. Max Marwick, amene adakhala pakati pa Acheŵa a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, pakati pa 1946 ndi 1953, adalemba milandu yambiri ya ufiti nasindikiza zimene adapeza mu 1965. Adapeza kuti woganiziridwa kaŵirikaŵiri sanali mlendo, koma mbale wa bere limodzi, ndipo pansi pa mlandu panali mkangano wa ng'ombe, wa chuma chamasiye kapena wa unyakwaŵa. Adalembanso zimene aliyense kuno adamvapo, kuti mfiti imaŵeta fisi ndi kumkwera usiku. Ngakhale chilankhulo chimene chidasunga ganizoli, pakuti pa miyambo ina mwamuna woloŵa m'nyumba ya eni usiku, wosafunika kudziŵika kutacha, ankatchedwa fisi.

Sikuti nkhani zonse za kuno zinali za udani. David Livingstone, poyenda m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa Tete mu 1860, adakumana ndi munthu amene anthu ankamutcha pondoro, wonena kuti amasanduka mkango nakhala m'thengo masiku angapo. Anzake sankamuda. Ankati akapha njati kapena nyama ina amaŵauza kumene yagona, iwo nakatenga ndiwo. Ankakhulupiriranso kuti mafumu ena akafa amasanduka mikango, ndipo mkango wotere ankauombera m'manja. Angerezi a pa kanema adatola mbali imodzi yokha ya nkhani yotere, mbali ya tsoka.

Koma mbali imeneyo adaigwira bwino, ndipo sadaisiye. An American Werewolf in London ya mu 1981 inali ya ndalama zambiri poyerekeza ndi zinzake, ndipo Rick Baker adalandira mphotho ya Oscar chifukwa choonetsa munthu akusanduka pa kuŵala, mafupa akutalika maso akuona. Komabe chigawo chimene chimazizira m'mafupa ndi cha kumayambiriro, pamene anyamata aŵiri apaulendo aloŵa m'nyumba ya moŵa ya kumudzi, anthu onse nakhala chete. Akudziŵa chimene chili panja, akudziŵanso kuti n'chawo, ndipo aŵalola alendowo kutuluka mumdima. Mu The Company of Wolves ya mu 1984 nkhalango yonse adaimanga m'nyumba ku Shepperton, mimbulu yambiri inali agalu opaka utoto, ndipo mwini nkhani ndi gogo wochenjeza mdzukulu wake wamkazi za amuna, monga namkungwi. Dog Soldiers ya mu 2002, imene Neil Marshall adaipanga ndi mapaundi opitirira pang'ono mamiliyoni aŵiri, ikamba za asilikali asanu ndi mmodzi amene athaŵira m'nyumba ya pafamu m'mapiri a Scotland, namenyana ndi zilombo usiku wonse, osadziŵa kuti zilombozo ndiwo eni nyumba, angofuna kuloŵa kwawo. Ovala zikopa za zilombozo anali akatswiri a kuvina, oyenda pa timitengo totalikitsa miyendo, chinthu chimene wa ku Namitete amene adaonapo makanja sangadabwe nacho. Pofuna kuchepetsa ndalama, mapiri a Scotland aja adakaŵajambulira ku Luxembourg, dziko laling'ono lomwe lija kudachokera masisitere amene adatsegula chipatala cha St Gabriel ku Namitete mu 1959.

Kanema adafika m'midzi ya kuno pa njira ina, ndi katundu wina. Pakati pa 1935 ndi 1937 galimoto ya Bantu Educational Kinema Experiment idayendayenda kum'maŵa ndi pakati pa Afirika, Nyasaland yomwe, ikuonetsa zithunzi zophunzitsa. Mu 1948, chaka chomwe Chitedze idatsegulidwa, ku Salisbury kudakhazikitsidwa Central African Film Unit, yopanga mafilimu a ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama. Dziko litalandira ufulu, magalimoto a kanema a Boma adapitiriza ntchitoyo, makamaka m'zaka za chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chidayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Nsalu yoyera inkamangidwa pa bwalo la sukulu, injini ikulira kumbuyo, womasulira akufotokoza pa chimkuzamau za mizere ndi fetereza. Zilombo munalibe m'mafilimu amenewo, ndipo za m'nyumba za kanema za m'tauni zinkayamba zadzera ku bungwe loyendera mafilimu, malinga ndi lamulo la mu 1968. Wailesi ya kanema idayamba m'dziko muno mu 1999. Chimene chidabweretsa mafilimu oopsa pa Nsaru ndi pa Namitete ndi tinyumba ta vidiyo ta pamsika, totchinga ndi mabulangete, toyendera jenereta kapena batire. Mafilimu a ku Bray sadakhalepo chakudya cha tsiku ndi tsiku m'tinyumba timeneti. Malo awo adatengedwa ndi a nkhondo, a karate ndi a ku Nigeria, amene kuyambira pa Living in Bondage ya mu 1992 adaonetsa kuti kamera yotsika mtengo ndi nkhani ya mbale wopereka mbale wake ku zizimba n'zokwana kudzaza nyumba. Anyamata a m'matauni adayambanso kuika mau a Chicheŵa pa mafilimu akunja, ntchito yomwe ija ya womasulira wa pa galimoto, kungoti tsopano mwini nthabwala ndi iwo.

Tsono pali kusiyana kumodzi kumene sikuyenera kubisika. Mngerezi akatuluka m'nyumba ya kanema amakwera basi, podziŵa kuti m'dziko lake mulibe mmbulu, mulibe chiŵeŵe cha agalu chiyambire 1922, ndipo nyumba ya malamulo idathetsa milandu ya ufiti m'zaka za m'ma 1730. Mantha ake adagula pakhomo, ndipo amathera pakhomo pomwepo. Ndicho chifukwa chake amatha kuŵakonda mafilimu ameneŵa monga munthu akondera malaya akale, kuseka galu wovala ubweya ndi kudzidzimuka nthaŵi yomweyo. Mnyamata wotuluka m'kanyumba ka vidiyo pa Nsaru ali ndi mtunda woti ayende mumdima, ndipo akulu adati ukatchula mkango kwera mumtengo. Minda ya fodya ndi chimanga idadya thengo la m'chigwa cha Lilongwe, mikango idatha, koma fisi sadasamuke. Alipo ku Dzalanyama, alipo m'mapanga a m'timapiri, ndipo ofufuza za nyama adapeza magulu a afisi okhala mumzinda wa Lilongwe mwenimwenimo.

Fisi amapha anthu ndithu. M'chigwa cha Phalombe, kumpoto kwa phiri la Michesi, afisi adapha anthu 5 mu 1956, 5 mu 1957, 6 mu 1958, ndipo mu 1961 adapha 8. Fred Balestra, amene adalemba za imfazi mu 1962, adaona kuti zambiri zinkachitika mu September, nyengo imene anthu amagona pakhonde chifukwa cha kutentha, pamenenso moto wa m'tchire wabalalitsa nyama zimene fisi amadya. Chifukwa chake chinali choonekeratu, koma maliro a mwana wogwidwa pakhonde safuna kumva za mwezi wa September, amafuna dzina. Ndipo dzina likafunidwa, kaŵirikaŵiri limagwera nkhalamba yokhala yokha kumapeto kwa mudzi. Mu January 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a kwawo, mphenzi itapha mtsikana wa m'banja lawo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Wotchi ya masekondi 30 ija, imene ku London ndi maseŵera, kuno idalirapo pa mabwalo enieni.

Chitsanzo chapafupi ndi Chitedze chili ku Dowa. Mu August 2002 chilombo china chidapha anthu 5 ndi kuvulaza oposa 20, mpaka alenje a Boma ndi apolisi adachiombera. Akuluakulu oona za nyama za m'thengo atachiyang'ana adati ndi fisi wodwala chiŵeŵe, nthenda yomwe ija imaloŵa ndi kuluma, nikhala chete masabata angapo, kenaka nisintha wolumidwayo kuti abale ake asamzindikirenso. Mu March 2003 zidayambiranso. Adafa amai aŵiri okalamba ndi mwana wa zaka zitatu, ena 16 adavulala koopsa, ena kutaya manja, ena makutu ndi maso. Anthu ngati 4,000 adasiya midzi yawo, chimanga chili m'munda, nakagona pa boma. Nyuzi za ku London zidalemba nkhaniyi ndi mitu yonga ya mafilimu a Hammer. Akuluakulu a Boma adanenanso kuti ndi fisi wachiŵeŵe, koma ena mwa anthu amene adachiona adakana, nati miyendo yake yakumbuyo inali yaitali, pamene fisi aliyense amadziŵika ndi msana wotsetsereka. Ena adati n'chomwe chija chidaphedwa chaka chatha, chauka kudzalipsira. Anthuwo adabwerera kwawo pambuyo pake moperekezedwa ndi amfuti, nakapeza nthaŵi yokolola itayandikira.